Katheta ya silikoni yomwe inkatsekeka masabata atatu asanapitirire

Bambo amene ndikufotokoza nkhani yawo pano ndi a zaka za m'ma 70, mlimi wa chimanga ndi mtedza. Ndiziwatchula kuti agogo, monga momwe tonse tinkawaitanira pa wodi. Dzina lawo ndi mudzi wawo ndazisiya dala. Ine ndine namwino pa chipatala cha pa boma, ndipo ndalemba lipotili chifukwa kwa miyezi iwiri yathunthu ndinkalimbana ndi mdani wolakwika, agogo n'kumavutika zomwe zikanapewedwa msanga.

Vuto lawo linayamba monga limayambira kwa abambo ambiri achikulire. Mkodzo unkatuluka modontha, usiku ankadzuka kangapo, mpaka tsiku lina unangotsekeka kotheratu. Adokotala atawayeza anapeza kuti prostate, chiwalo cha abambo chomwe chili pansi pa chikhodzodzo, yakula ndipo ikupana njira ya mkodzo. Anawaika katheta, imene odwala athu amangoti paipi, n'kuwalemba pa mndandanda wa odikira opaleshoni. Katheta yoyamba inali ya labala, yachikasu ija timaidziwa tonse, ndipo inkawaotcha m'njira. Mwana wawo wamkazi, amene anali gadiyani wawo nthawi yonseyi, anamva kuti kuli ina ya silikoni yomwe imakhala miyezi itatu osasintha. Anagulitsa thumba la mtedza, n'kukagula ziwiri ku famase ya mu tauni. Ndinaika ndine yoyambayo, ya saizi 16, kabaluni kake koigwira m'chikhodzodzo kuti isatuluke ndinathiramo madzi oyera okwana mamililita 10, ndipo ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti tidzaonana pakatha masabata 12.

Anabwera patatha masiku 19. Unali usiku, anafika nawo pa kabaza, atapindika, manja ali pamimba. Pansi pa mchombo panali potupa, polimba ngati dzungu. Thumba la mkodzo linali louma, koma thalauza ndi chitenje chomwe anawafunditsa zinali zonyowa, chifukwa mkodzo unkadzipezera njira m'mbali mwa paipi. Fungo lake linali lolasa m'mphuno, longa la m'khola la mbuzi losasesa.

"Anamwino, paipi yanu ija yafa," anatero mwana wawo. "Kodi sanatigulitse yabodza?"

Nanenso ndinaganiza zomwezo. Ndinachotsa, ndinaika yachiwiri, mkodzo wopitirira lita unatuluka, agogo n'kupuma. Tinawapatsa mankhwala opha mabakiteriya a nitrofurantoin chifukwa mkodzo unali wamatope, ndipo anapita kwawo m'mawa. Patatha masiku 16 anabweranso chimodzimodzi. Ulendo umenewu ndinayesa kutsuka paipi ndi madzi a mchere a m'diripi, inatseguka kwa tsiku limodzi, n'kutsekekanso. Tinasintha mankhwala, tinaika ina ya silikoni yochokera ku sitolo ina. Iyo inakhala masiku 21.

Tsiku lomwe tinang'amba paipi

Katheta yachitatuyo sindinaitaye. Nditaichotsa ndinamva pa magolovesi kuti kunsonga kwake kukukanda, ndiye ndinaigoneka pa thireyi n'kuing'amba m'litali ndi lezala la ku thiyeta. Ndikupempha mnzanga aliyense amene ali ndi wodwala wotere kuti achite zimenezi kamodzi kokha, chifukwa zomwe maso amaona pamenepo zimasintha kaganizidwe.

Timabowo tiwiri ta kunsonga tinali titamatika ndi zinthu zoyererako, zolimba, zonga nkhoko za m'ketulo yophitsira madzi a pa mjigo. Mkati mwa paipi, kuyambira kunsonga kutsika pafupifupi utali wa chala, njira inali itachepa moti singano yokha ndiyo ikanadutsa. Nditapala ndi msana wa lezala, zinkalira ngati mchenga, ndipo pansi pake panali zoterera zomata, ngati ndere za mkati mwa mtsuko umene wakhala masiku osatsuka. Kunsi kwa kabaluni kunalinso mkombero wa timiyala. Silikoni mwiniwakeyo analibe vuto: sanang'ambike, sanafufume, sanasinthe mtundu. Paipi sinali yabodza. Chinali chomera pamwamba pake.

Ndinaviika kapepala koyezera mu mkodzo watsopano. Mlingo wa pH, umene umakwera asidi akamachepa mu mkodzo, unafika pafupifupi 9, kumapeto kwenikweni kwa tchati. Mkodzo wa munthu wabwinobwino umakhala cha pa 6. Tinatenga mkodzo kuchokera mu katheta yatsopano, osati mu thumba, n'kutumiza ku labu. Wa ku labu anandiitana kuti ndidzaone mbale yomwe anameretsapo tizilombo ta mu mkodzowo. M'malo mwa timadontho topatukana, tinali titafalikira mbale yonse m'mikombero, ngati madzi a padziwe ukaponyamo mwala. Anati ndi bakiteriya wotchedwa Proteus mirabilis. Ndinachita manyazi, pakuti Proteus samva nitrofurantoin mwachibadwa chake. Mankhwala oyamba aja tinangowapatsa pachabe.

Chimene Proteus amachita n'chosavuta kumva. Ali ndi enzaimu yotchedwa urease, imene imaphwanya urea wa mu mkodzo n'kutulutsa amoniya. Fungo la m'khola lija ndi limenelo. Amoniya amakweza pH, ndipo pH ikakwera, mchere wa calcium ndi magnesium umene unali wosungunuka mu mkodzo umayamba kuundana. Pamapangika timiyala ta struvite ndi ta calcium phosphate. Timiyalati timakodwa mu zoterera zomwe mabakiteriya amadzimangira, zimene m'mabuku amazitcha biofilm, ndipo khoma limakula tsiku ndi tsiku mpaka njira itatseka. Pafupifupi theka la anthu okhala ndi katheta nthawi yaitali amakumana ndi vuto la kutsekekali. Agogo anali m'gulu limenelo, ine osadziwa.

Chifukwa chake silikoni payekha sakwanira

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ine ndinasokera, ndipo ndikuona kuti anzanga ambiri amasokera pomwepa.

Silikoni gwero lake ndi mchenga. Mchenga woyera ndi mwala wa quartz, kwakukulu, ndi silicon yophatikizana ndi oxygen, ndipo galasi la pawindo limachokera komweko. Opanga amapatula silicon pa moto waukulu, kenako amaluka unyolo wa silicon ndi oxygen mosinthanasinthana ngati mikanda pa ulusi, n'kumangirira timagulu ta methyl m'mbali. Chotulukapo ndiye silikoni, amene akatswiri amati polydimethylsiloxane, chinthu chofewa, chosalala, chosavunda m'thupi, chimene sichiyabwa ngati labala. Pa zimenezi silikoni ndi wabwino ndithu. Khoma la katheta ya silikoni limakhala lopyapyala, choncho pa saizi yofanana njira yake ya mkati ndi yotakata kuposa ya labala. N'chifukwa chake imachedwerapo kutsekeka, ndipo opanga amalola kuti ikhale mpaka masabata 12.

Koma silikoni sagwirizana ndi madzi. Dontho likagwerapo limakhala lobulungira ngati mame pa tsamba la nthochi. Ambiri timaganiza kuti chinthu chotere sichingamatidwe ndi kanthu, pamene zoona zake n'zakuti mapuloteni amakonda malo oterowo. Katheta ikangolowa, mapuloteni a mu mkodzo, pamodzi ndi puloteni ya m'magazi yotchedwa fibrinogen yochokera ku khoma la chikhodzodzo limene paipi ikukhula, amayala mphasa pamwamba pake maola ochepa okha. Bakiteriya akafika sakumananso ndi silikoni, amakumana ndi mphasayo, n'kukhazikika. Akachulukana amadzikuta ndi zoterera zija, ndipo mmenemo mankhwala amavutika kuwafikira, asilikali a m'thupi nawonso chimodzimodzi. Tsiku lililonse katheta ili m'thupi, mwayi woti mabakiteriya alowe mu mkodzo umakwera ndi 3 mpaka 7 pa 100 alionse, moti pakatha mwezi pafupifupi wodwala aliyense amakhala nawo, kaya paipi ndi ya labala kaya ya silikoni.

Chitsanzo chimene chinanditsegula m'maso ndi cha sitima zikuluzikulu za panyanja ya mchere. Kale ankazipaka kunsi penti ya poizoni wotchedwa tributyltin kuti nkhono ndi ndere zisamere. Poizoniyo ankaononga zamoyo za m'madzi, ndipo pangano la mayiko loletsa pentiyo linayamba kugwira ntchito mu 2008. Imodzi mwa njira zomwe zinalowa m'malo ndi penti ya silikoni. Pentiyi siletsa zamoyo kutera. Zimatera ndithu, koma zimagwira mofooka, moti sitima ikathamanga madzi amazikokolola. Sitima ikakhalitsa pa doko, kunsi kumamera ngati kale. Tsono taganizani za katheta. Mkodzo umatsika pafupifupi mililita imodzi pa mphindi mwa munthu amene akumwa bwino. Mwa munthu amene sakumwa, umangodontha. Katheta ya agogo inali sitima yoima pa doko.

David Stickler wa ku yunivesite ya Cardiff ku Wales anathera zaka zambiri pa nkhani imeneyi ndi anzake, pogwiritsa ntchito zikhodzodzo zopanga za m'labu. Anaonetsa kuti Proteus amatseka mitundu yonse ya makatheta yomwe anayesa, ngakhale yokutidwa ndi siliva, ndiponso kuti kumata kumakonda kuyambira m'mphepete mwa timabowo ta kunsonga, momwe mumakhala mokakala chifukwa cha kabooledwe. Ndi momwemo ndinapezamo nkhoko zochuluka pa katheta ya agogo. Anaonetsanso chinthu chimene kwa ife ndi chamtengo wapatali: mkodzo uliwonse uli ndi mlingo wake wa pH pomwe timiyala timayambira kuundana, ndipo mlingowo umakwera mkodzo ukakhala wosungunuka ndi madzi ambiri komanso ukakhala ndi citrate, wopezeka m'zipatso monga mandimu, amene amagwira calcium kuti asaundane msanga.

Za makatheta a siliva ndinafunsidwa ndi mwana wa agogo, amene m'bale wake wa ku Johannesburg anali wokonzeka kutumiza. Ndinamuuza kuti asataye ndalama. Kafukufuku wamkulu wa m'zipatala za ku Britain, amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2012, anapeza kuti makatheta okutidwa ndi siliva sanachepetse matenda a m'njira ya mkodzo mwa odwala oikidwa katheta kwa masiku ochepa. Akatswiri akuyesabe njira zina: kukuta silikoni ndi polyethylene glycol kapena zinthu zina zokoka madzi kuti mapuloteni asowe pogwira, kumwetsa silikoni mafuta ake omwe kuti pamwamba pakhale poterera, ngakhale kudinda timizere tating'onoting'ono totengera khungu la shaki. Ndimazitsatira ndi chidwi, ndipo ndikufunitsitsa tsiku lina zidzafike pa wodi yathu. Koma agogo sakanadikira zimenezo.

Zomwe tinasintha

Choyamba chinali kusiya kudikira kuti paipi itseke. M'buku lawo la kuchipatala ndinajambula mizere kumbuyo: tsiku loika, tsiku lochotsa, chifukwa chochotsera, pH, ndi zomwe ndapeza nditang'amba. Manambala atatu aja, 19, 16 ndi 21, ankanena okha. Tinagwirizana ndi adokotala kuti tizisintha pa masiku 14, masana, agogo akuyenda okha, m'malo mwa usiku ali pa kabaza chikhodzodzo chitadzaza. Kusiyana kwake si kwa ululu wokha. Paipi ikatseka, mkodzo wodzaza ndi Proteus umabwerera ku impso, ndipo munthu wachikulire akhoza kulowa m'matenda a m'magazi usiku umodzi. Popeza tinali kusintha pafupipafupi, funso la ndalama linabuka. Tinasankha kukhalabe pa silikoni chifukwa cha njira yake yotakata komanso chifukwa labala ankawaotcha, ndipo sitinakweze saizi. Paipi yonenepa imapweteka njira ya mkodzo n'kuonjezera zotuluka zomwe mabakiteriya amadya.

Chachiwiri chinatenga nthawi, ndipo ndi chimene ndimachikumbukira kwambiri. Ndinawafunsa agogo kuti amamwa madzi ochuluka bwanji. Anati amamwa. Mwana wawo anapukusa mutu. Titakhala pansi atatu, chitseko chotseka, m'pamene agogo ananena zoona.

"Mwanawe, ine ndine mkulu wa mpingo. Ndikamwa, chithumbachi chimadzaza ndili pa guwa. Ku maliro ndimakhala tsiku lonse pakati pa anthu. Ndiye ndimangomwa tiyi wa m'mawa, basi, madzi ndimamwa kukada."

Munthu amene wakhala ndi ulemu zaka 70 sungamuuze kuti manyazi alibe ntchito. Tinafunafuna njira yoti ulemu wawo usachoke. Tinapeza thumba laling'ono lomangirira pa mwendo, losaoneka mu thalauza, ndipo mwana wawo anasoka kalamba ka nsalu koligwira. Usiku tinkalumikiza thumba lalikulu kumunsi kwa laling'onolo, osamasula pa katheta. Adokotala atatsimikiza kuti mtima ndi impso zawo zili bwino, tinagwirizana za botolo la Sobo la malita 2: lidzazidwe m'mawa ndi madzi owiritsa, afinyiremo mandimu a pa mtengo wa pakhomo, opanda shuga, ndipo dzuwa likamalowa likhale litatha, kuphatikiza pa tiyi ndi thobwa la masiku onse. Mandimu ndiwo citrate wathu. Ndinawauza mosabisa kuti mandimu sapha Proteus, amangochedwetsa timiyala. Kwa wodwala mtima kapena impso sindingapereke malangizo omwewa adokotala asanamuone.

Panalinso zing'onozing'ono zomwe ndinazipeza pongofunsa. Kunyumba ankamasula thumba pa katheta madzulo aliwonse n'kulitsuka ndi sopo pa mjigo, poganiza kuti ndiwo ukhondo. Kumasula kulikonse ndi khomo lotseguka. Tinawaphunzitsa kukhuthula ndi kampopi ka kumunsi, kasanakhudze ndowa, thumba lisanadzaze, manja atasamba. Pogona ankaika thumba pa mphasa pambali pawo, mulingo umodzi ndi mimba, choncho mkodzo unkaima m'paipi usiku wonse. Popeza amagona pansi, tinapempha adzukulu kuti awakonzere kabedi kamitengo kuti thumba lizilendewera munsi. Anali ndi vuto la kudzimbidwa, lomwe limapana chikhodzodzo, ndipo mapapaya ndi ndiwo zamasamba zinathandiza. Posamba, sopo wamba ndi madzi pa malo olowera paipi zinali zokwanira.

Chachitatu chinali kusiya mankhwala. Izi zinali zovuta kufotokoza, pakuti kwathu kuno wodwala akabwerera chimanjamanja amaona ngati sanathandizidwe. Mkodzo wamatope ndi fungo mwa munthu wa katheta si chifukwa chokwanira chomwera maantibayotiki. Mabakiteriya amakhalamo ndithu, ndipo mankhwala akapita amabwerera, ulendo uno ali osamva. Tinagwirizana kuti akatentha thupi, akamanjenjemera, akamva kuwawa m'mbali mwa msana kapena akayamba kusokonezeka mutu, abwere nthawi yomweyo, ndipo tidzasintha katheta kaye tisanayambe mankhwala, kuti biofilm yakale isatsale m'thupi. Kutsuka paipi ndi madzi a mchere ndinakusiyanso. Sikusungunula timiyala, kumangotsegula njira ya tizilombo tina.

Kachinthu kena ka silikoni koyenera kudziwa: madzi a mu kabaluni amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'khoma lake, moti pochotsa ungapeze ochepera omwe unathira. Ndipo ukawakoka mwamphamvu ndi sirinji, kabaluni kamachita makwinya ngati khafu ya malaya, n'kukanda njira potuluka. Ndinaphunzira kulumikiza sirinji n'kuisiya kuti idzaze yokha.

Makatheta awiri otsatira anatuluka pa masiku 14 ali ndi mchenga wochepa m'timabowo, njira ili yotseguka. Tinatalikitsa kufika masiku 21, ndipo anapirira. Agogo sanabwerenso usiku. Ananenepako, anabwerera ku dimba.

Mwala

Komabe mzere umodzi m'buku muja sunkandisangalatsa. Mlingo wa pH unkangoyendayenda pakati pa 8 ndi 9. Katheta iliyonse inali yatsopano, yochokera m'pepala lomata, koma pasanathe masabata awiri inkakhala itayamba kale kukanda. Proteus ankachokera kuti msanga chotere? Ndinapita ndi bukulo kwa adokotala, n'kupempha sikani ya chikhodzodzo. Tikanaipempha pa ulendo wachiwiri uja.

Pa sikani panaoneka mwala, waukulu ngati dzira la njiwa, utagona pansi pa chikhodzodzo. Mwala wa struvite si mwala chabe. Ndi biofilm yomweyo itauma, mabakiteriya ali amoyo mkati mwake, momwe mankhwala safika. Ife tinkasintha paipi, koma nkhokwe ya mbewu inali mkati, ndipo katheta iliyonse yatsopano inkafesedwa tsiku lomwelo. Mwina mwalawo unayamba ndi timiyala tothothoka pa kabaluni pa nthawi ya kutsekeka kuja, mwinanso unalipo kale chifukwa cha mkodzo wotsalira zaka zonse prostate ikukula.

Kupezeka kwa mwala kunasintha malo awo pa mndandanda. Anatumizidwa ku chipatala chachikulu, komwe anawachita opaleshoni imodzi yochotsa mwala ndi prostate yomwe. Anakhala ndi katheta masiku angapo bala likupola, kenako anaichotsa, ndipo anakodza okha.

Anabwera kudzationa patatha mwezi ndi theka, atavala jekete ya ku tchalitchi. Ndinaviika kapepala mu mkodzo wawo, pH inali 6. Mwalawo anaukulunga mu mpango, amayenda nawo kuonetsa anzawo a mu mpingo amene akudontha mkodzo koma akuopa chipatala. Mwana wawo anatulutsa m'chikwama katheta imodzi ya silikoni yosatsegula, yotsala pa zomwe anagula komaliza.

"Anamwino, iyi mupatse bambo wina. Koma muwauze za botolo lija."

Inapita kwa bambo wa pa bedi lachinayi sabata yomweyo. Ndisanaiike ndinatenga buku lawo, ndinatsegula tsamba lakumbuyo, ndinajambula mizere isanu, n'kulemba tsiku pa mzere woyamba.